Mota Yopanda Pogwira

Lachiwiri lapitali mzinda wathu unadzuka utafunda nkhungu. Kunali kuzizira kuja kolowa m'mafupa, kumene ife a ku Lichinga timakunyadira pamaso pa alendo koma n'kumakudandaula tikatsala tokha. Mame ankadontha kuchokera pa malata, tho, tho, kugwera m'ndowa ya pakhonde. Kumzikiti anali atamaliza kuitana anthu. Kwa aneba wina ankawaza nkhuni, ndipo kumsewu waukulu shapa, minibasi yathu ija, inkaliza hutala, woitanira anthu akukuwa koma osaoneka.

Ine ndinali nditaima m'mbali mwa msewu ku Sanjala, fulasiki ya phala ili m'manja. Mlamu wanga a Paulo, mchimwene wake wa malemu mkazi wanga Matilida, agonekedwa kuchipatala, ndipo chakudya cha m'mawa amadalira ine. Pachipata paja ali ndi nthawi yawo. Ukachedwa umabwerera nalo phala lako.

Ndipo ine ndinali nditachedwa.

M'nkhungu muja ndinaona nyali ikubwera, ndiye ndinachita zimene tonse timachita, kukweza dzanja. Si paja kuno njinga yamoto iliyonse timaiyesa takisi-mota? Itaima pafupi nane m'pamene ndinaona kuti ndaimitsa chinthu china. Inali mota yofiira, yaikulu ngati mwana wa ng'ombe, mutu wosongoka, mchira wokwera m'mwamba, tayala lakumbuyo lalikulu kuposa ntchafu yanga. Ndi zija amazipangira mpikisano, zimene woyendetsa amachita kugonera pa thanki.

Ndi maso ndinali ndisanaionepo, koma makutu anga ankaidziwa. Pafupifupi chaka tsopano, m'mawa uliwonse ndikamamaliza mapemphero, imadutsa kuseri kwa nyumba yanga. Sikuwa ngati zinzake. Imamveka ngati munthu wamkulu amene akuyankhula chapansipansi m'chipinda china. Mumtima ndinali nditajambula kale mwini wake: mnyamata wa kwa olemera, wopanda chochita. Sindinamunenepo choipa kwa munthu, koma chithunzicho ndinali nacho.

"Pepani achimwene, ndimayesa takisi," ndinatero.

Woyendetsayo anakweza galasi la chipewa chake. Ndinaona maso a mayi wa zaka ngati makumi anayi, atavala mandala.

"Bon diya, Baba. Ulendo wa kuti ndi fulasiki kuzizira kuno?"

"Kuchipatala."

"Kwerani. Ndine namwino komweko. Dzina langa ndi Awetu."

Anamasula chipewa chachiwiri chimene chinali pamchira, chimene amavala amuna awo, pakuti anali atangowatula kusukulu kumene amaphunzitsa. Fulasiki anaiika m'chikwama chawo, chikwamacho n'kundibereketsa ine. Ndinakwera movutikira. Kampando kakumbuyo n'kakang'ono ngati chikhatho, ndipo kali pamwamba moti mawondo anga anafika pafupi ndi makutu. Kenaka ndinatumiza manja kumbuyo kufuna kariya, monga timachitira pa takisi-mota. Ndinagwira mphepo.

"Ndigwira pati, mayi?"

"Mugwira ine."

"Aa, mayi..."

"Baba, mota iyi sanaipangire manyazi. Gwirani m'chiuno, mutsamire pamsana pangapa. Mukagwa ndine ndikakusokeni, ndipo ndikasoka munthu wosamva ndilibe chisoni."

Ndinayang'ana wotchi. Ndinaganiza za a Paulo akuyang'ana kuchitseko. Ndinagwira.

Owerenga anga, ndakwera mota zambiri m'moyo wanga, koma sindinayendepo ulendo wofatsa ngati umenewu. Pansi panga ndinkamva mphamvu imene ikanatha kutiponya kutali m'kuphethira kwa diso. Inkanjenjemera m'miyendo ngati nyama imene yamangidwa. Koma Dona Awetu ankaigwira ndi nsonga za zala. Pa maenje ankapatuka mofewa. Pa chitunda chochepetsa liwiro ankadutsa chammbali pang'onopang'ono, kuti mimba ya mota isakhule pansi. Ana a sukulu atatulukira m'nkhungu atagwirana manja, mota inali itaima kale ine ndisanawaone. Pafupi ndi msika mnyamata wa takisi-mota, atanyamula matumba awiri a mbatatesi ndi mwini wake pamwamba, anatidutsa akuliza injini kutiputa. Mayiwo sanamuyang'ane n'komwe.

Tinafika chipata chisanatsekedwe. A Paulo anadya phala lotentha.

Tsiku lotsatira Dona Awetu anabwera pa bedi la a Paulo kudzationa, ndipo ndinawafunsa zimene zinkandizunguza. Munthu woyenda pang'onopang'ono chonchi, motayi ndi yachiyani?

Anaseka. "Ili ndi magiya asanu ndi limodzi, Baba. M'tauni muno ndimagwiritsa awiri, ndikakondwa atatu. Enawo amangodya nawo gazolina."

Sanandibisire mavuto ake. Anati ikayenda pang'onopang'ono nthawi yaitali injini imatentha mpaka kuwotcha miyendo, ngakhale kuti m'miyezi ino yozizira amayamikira. Mikono imawawa chifukwa thupi lonse limatsamira m'manja. Nthawi ya mvula, dothi lathu lofiira likasanduka sopo, matayala osalala aja amavina, ndipo masiku ena amaisiya pakhomo n'kukwera shapa. Tayala likatha, amadikira lichokere ku Nampula. Pomangirira thumba palibe, moti akagula nyemba amazibereka kumsana ngati mwana.

"Nanga bwanji osagula yaing'ono ngati anzanu?" anafunsa a Paulo ali chigonere.

"Ndili mwana ndinaona chithunzi chake pa kalendala m'sitolo ya mmwenye. Ndinauza mayi anga kuti ndidzayendetsa imeneyi. Anandimenya ndi mthiko. Ndagwira ntchito zaka zambiri, ndalera ana, ndipo nditaipeza yogwiritsidwa kale ntchito sindinafunse munthu. Loweruka lina ndimatuluka nayo kumsewu wa phula kunja kwa tauni, kopanda anthu, kuti nayonso ipume bwino. Koma Lolemba imabwerera kudzayenda ngati nkhalamba. Muno mumayenda ana a anthu. Amene agundidwa ndi mota amabwera kwa ine, ndimawadziwa mmene amaonekera."

Ndakhala ndikuganizira mawu amenewa sabata yonse.

Tinene zoona, mumzinda muno timakonda kuonetsa mphamvu imene tilibe. Mnyamata ali ndi kamota kotha, amachotsa chotsekereza phokoso kuti bayiro yonse, dera lonselo, idziwe kuti wadutsa. Munthu akangopatsidwa kachidindo mu ofesi, mawu amasintha tsiku lomwelo. Ngakhale m'nyumba zopemphereramo, amene wapatsidwa kiyi wa kabati amayenda mosiyana ndi anzake. Kodi ndi angati mwa ife amene tingakhale ndi magiya asanu ndi limodzi n'kumayenda ndi awiri, tsiku ndi tsiku, popanda wotikakamiza? Kodi ndi angati tingadutsidwe ndi wonyamula mbatatesi, akutiseka, ife osapotokola dzanja?

Ena adzati n'kuwononga, kugula chinthu chothamanga n'kumachiyendetsa ngati ngolo. Mwina. Ine sindikuuza munthu kuti akagule. Ndikungonena kuti ndaona munthu amene amakonda chinthu champhamvu koma sachilola kuti chimulamulire, ndipo zoterezi sindiziona kawirikawiri.

Nkhani ikanathera pamenepa ndikanakondwa. Koma Lachiwiri lija, pamene tinkadutsa pamsika, nkhungu inali itayamba kuyera.

Chipewa chinabisa nkhope yanga, koma sichinabise juzi. Ndili ndi juzi yobiriwira imene Matilida anandilukira chaka chake chomaliza, manja atayamba kale kufooka, ndipo mkono wina ndi wautali kuposa unzake. Kutchalitchi kwathu palibe amene saidziwa. Amene anaiona anali mayi Terezinya, mtsogoleri wa amayi, mnzake wa Matilida wa pamtima, amene anamusambitsa masiku omaliza ndiponso anatsogolera nyimbo pamaliro ake. Anaona juzi yoluka mnzawo itakumbatira mkazi wina pakati pa msewu, mutu utatsamira pamsana, chikwama cha mkaziyo chili kumbuyo.

Lachinayi masana kunabwera alendo. A Zakariya, mkulu wa mpingo wathu, ndi mayi Terezinya. Ndinawapatsa mipando, ndinawaphikira tiyi. Anafunsa za a Paulo, za nyemba za kumunda, za kuzizira. Kenaka a Zakariya anaika kapu pansi.

"A Lukasi, tabwera ngati abale. Kukwatiranso si tchimo. Koma pali njira yake. Munthu amauza akulu, amauza akuchikazi. Osati kuti mpingo uzimvera kumsika."

"Palibe chimene ndikubisa. Mayi aja anangondithandiza. Ndi namwino, ali ndi amuna awo."

"Ali pabanja?" anatero mayi Terezinya, dzanja lili pakamwa. Ndinaona kuti ndaonjezera moto.

"Ngati anangokuthandizani, kukumbatirako kunali kwa chiyani?" anafunsa a Zakariya.

"Palibe pogwira."

"A Lukasi."

"Ndikunena zoona. Mota ija ilibe kariya."

A Zakariya anapukusa mutu mwachisoni, ngati munthu amene wagwira mnzake wokalamba akunama bodza la mwana. "Ine mota ndayamba kukwera inu musanasiye njinga yakapalasa. Ndapita nayo kumidzi, ndanyamula nayo mbuzi. Palibe mota yopanda pogwira. Mwamuna amakhala mowongoka, manja kumbuyo. Ngakhale woyendetsa ali mwamuna mnzako sumukhudza. Nanga mkazi wa mwini?"

Sankanama. Pa mota zonse zimene iwo akuzidziwa, ndi mmene zilili. Ankandiyeza ndi mota za pasiteji, chifukwa zina sanazikwerepo.

Ndiye ananena chimene anadzera. Lamulungu linali tsiku lokumbukira zaka zitatu chimwalirire Matilida. Chaka chilichonse pa tsikuli ndimaima kutsogolo n'kuwerenga salimo limene iye ankalikonda, limene ndinkamuwerengera usiku ndi usana ali pamphasa. Ndi chinthu chokhacho chimene ndimamuchitirabe pamaso pa anthu. A Zakariya anati, mpaka nkhaniyi itaunikidwa bwino, ndi bwino chaka chino awerenge wina.

Ndinayang'ana mayi Terezinya. Maso awo anali odzaza misozi. Sanabwere kudzandinyoza. Anabwera kudzateteza mnzawo amene sangathenso kudziyankhulira.

Ndikanatha kukuwa. Ndikanatha kupita kwa padiri, kapena kukawatenga Dona Awetu kuntchito kuti adzandichitire umboni. Koma kukoka mayi wa chipembedzo china, amene anangondichitira chifundo, kuti adzaime pabwalo la mpingo wathu ngati wolakwa? Ndinaona kuti si bwino. Ndinati, "Chitani mmene mwaonera." Atapita ndinatsuka makapu.

Lamulungu ndinavala juzi yomweyo n'kukhala pa benchi yakumbuyo. Salimo anawerenga a Zakariya eni ake. Anawerenga bwino, sindinganame. Koma anathamanga pa mzere umene Matilida ankafuna kuti ndiziima pang'ono, ndipo pamenepo ndinaweramitsa mutu. Tsikulo limabwera kamodzi pa chaka. La chaka chino linapita.

Tikutuluka, tinapeza anthu ataunjikana pachipata. Kunja kwa mpanda kunali mota yofiira ija, ndi Dona Awetu atavala mpango kumutu, thukuta lili pamphumi ngakhale kunkazizira. Pambali pawo panali bambo wamfupi wa ndevu zoyamba imvi. Nkhani inali itawapeza Dona Awetu kudzera kwa anyamata a pasiteji, amene ankawafunsa za tsiku la ukwati wawo ndi ine. Palibe amene anamva mota ikufika. Anali ataizimitsa pakona, n'kuikankha ndi manja chitunda chonse chokwera kutchalitchi, chinthu cholemera chotero, chifukwa anamva kuti tikuimba.

"Akulu a pano ndi ati?" anafunsa Dona Awetu.

A Zakariya anabwera patsogolo.

"Baba, ine ndine Awetu. Awa ndi amuna anga, Che Omari. Sindinabwere kudzakangana, pamalo pano ndi popemphera. Ndamva kuti mwanena kuti palibe mota yopanda pogwira. Ndabwera nayo kuti mundionetse pogwirapo, chifukwa ine chaka chonse ndapafuna osapapeza."

Anthu anaseka chamumtima. A Zakariya anaizungulira mota ija kawiri. Anapapasa kumchira. Anawerama kusuzumira pansi pa mpando.

"Munthu atha kukhala mowongoka," anatero. "Nkhani ndi kudzigwira."

"Kwerani, Baba. Tingofika pa mtengo uwo n'kubwerera."

Sakanakana, amayi onse a mpingo akuyang'ana. Anavala chipewa, anthu awiri anawathandiza kukwera, ndipo anakhala pamwamba paja atawongoka ngati msilikali, manja atapinda pachifuwa. Dona Awetu analiza injini. Ine amene ndinakwerapo ndikuchitira umboni kuti sanachite chipongwe chilichonse. Ananyamuka mofatsa kuposa mmene ananyamukira ndi ine.

Mota isanayende mayadi atatu tinamva, "Mayo ine!" Miyendo ya a Zakariya inakwera m'mwamba, ndipo manja aja anatuluka pachifuwa n'kukumbatira Dona Awetu mwamphamvu moti mayiwo anatsokomola. Anapita mpaka pamtengo n'kubwerera ali chikumbatire, chipewa chitakanirira pamsana pa mayiwo.

Che Omari anayang'ana mayi Zakariya, amene anali ataima pafupi nawo. "Musadandaule, mayi. Ine ndimagwira chomwecho m'mawa uliwonse, ndiponso ndimatsinzina. Ana a sukulu anasiya kundiopa kalekale."

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Ngakhale padiri anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

"Baba, tafika," anatero Dona Awetu. "Mutha kundisiya tsopano, anthu angayambe kunena."

Inenso ndinaseka, sindikana. Koma kuseka kuja sikunandibwezere salimo langa.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga mukuti, akulu a mpingo ndi otero, amakonda kuweruza. Dikirani pang'ono. Kodi ine amene ndinamva mota ija chaka chathunthu n'kujambula mnyamata wopanda chochita, ndinasiyana nawo pati? Kusiyana kwake n'kwakuti ine chithunzi changa ndinachisunga mumtima, ndipo nkhungu inandithandiza kuti ndiime pafupi n'kuona. Tonse timayeza zachilendo ndi zimene tinazolowera. Tikaona chinthu chimene sichifanana ndi za pasiteji yathu, timafulumira kunena kuti woyankhulayo akunama, m'malo moti tipite tikapapase kumchira tokha. A Zakariya anali ndi mphamvu yondiimitsa, ndipo anaigwiritsa yonse tsiku limodzi. Akanayamba ndi giya yoyamba, kupita kukaona motayo, Lachisanu nkhani ikanatha.

Ndipo kunena zoona, Lachinayi lija nditakhala chete, sindinachite chifukwa cha nzeru zanga. Mawu anali atafika kale pakhosi, mawu oti akanawawa a Zakariya mpaka chaka chamawa, pakuti tinakulira limodzi ndipo ndikudziwa pamene pali zilonda zawo. Chinandigwira ndi zimene ndinaona Lachiwiri: mayi uja akudutsidwa ndi wonyamula mbatatesi, dzanja lili pa mafuta, osapotokola.

Lamulungu lomwelo, dzuwa litapendeka, ndinamva kugogoda. Anali awiri omwe aja. A Zakariya anakana mpando. Anaima pakhonde chipewa chili m'manja.

"A Lukasi, pogwira palibe," anatero.

"Ndinakuuzani."

"Munandiuza. Ndapempha padiri kuti muwerenge Lamulungu likudzali. Ndikudziwa kuti si tsiku lake."

"Si tsiku lake," ndinavomera.

Mayi Terezinya anasendera pafupi nane. Kenaka anagwira mkono wa juzi yanga, wautali uja, n'kuupinda bwinobwino monga ankachitira Matilida.

"Ulusi uwu tinakagula limodzi," anatero. "Nditauona pamsika paja mutu unangozungulira. Ndinaiwala kuti ndikufunseni kaye, achimwene."

Ndinawauza kuti alowe, kunja kukuzizira. Ndinaika madzi pamoto. Tinamwa tiyi, tinakamba za Matilida, za mmene ankakanira kuti mkono wina watalika, kumati ndi dzanja langa limene lafupika.

Lolemba m'mawa, ndikumaliza mapemphero, mawu apansipansi aja anadutsa kuseri kwa nyumba pa nthawi yake, osafulumira. Ndinawatchula dzina Dona Awetu pamaso pa Mulungu, pamodzi ndi ana onse amene amadutsa msewu m'nkhungu.

A Zakariya ndi mayi Terezinya anandilanda tsiku limene silidzabweranso. Ndinawakhululukira.